Mchere Umene Sindinathire

1

Dzina langa ndine Elube, kwathu ndi ku Nsanama, koma ndimakhala ku Liwonde komwe ndimagulitsa mpunga ndi nyemba mumsika. Ondidziwa akuuzani kuti pakamwa panga sipagona mawu. Ukandiponda chala ndimakuuza pomwepo, ngakhale utavala kolala ya ansembe. Koma tsiku limene ananditchula hule pamaso pa malume anga, ndinasowa chonena. Sikuti mawuwo anali achilendo, iyayi, mumsika timawamva tsiku ndi tsiku. Chimene chinanditseka pakamwa n'choti mwamuna wanga anali pomwepo, zoona zake ankazidziwa, koma anangoti zyoli.

Ndiyambe poyambira. Bambo a Thandizo, dzina lawo a Blasius, anali dalaivala wa minibasi ya Liwonde-Balaka. Munthu wa mawu aakulu, woti akaseka pa depoti ife kumsika tinkamva. Kondakitala wawo ankangodya zaulere poti oitanira anthu anali iwo omwe. Chaka chatha mawu aja anayamba kusasa. Tinati n'chimfine. Kenako pansi pa nsagwada panatuluka kachotupa kolimba ngati mtedza. Tinayendayenda m'zipatala mpaka anawadula kanyama kokayeza, ndipo yankho linabwera loti ndi khansa ya pakhosi.

Anatitumiza ku Lilongwe kokawotcha ndi makina. Kwa inu amene simunaonepo, amakuumbira chigoba cha pulasitiki chokwana nkhope ndi mapewa ako. Amakugoneka chagada, n'kuchimangirira ku bedi kuti usagwedeze mutu ngakhale pang'ono. Akatero onse amatuluka, iwe n'kutsala wekha ndi makinawo. Ine ndinkadikira panja, kolona m'manja. Akatuluka ndinkathamanga kukawachingamira.

"Zayenda bwanji lero?"

"Palibe kanthu. Ndangogonako tulo."

Tinakhala kumeneko pafupifupi miyezi iwiri, ine ndikugona pa simenti limodzi ndi magadiyani anzanga. Potitulutsa adokotala anati chotupa chafota, tipite kunyumba, tidzabwere ikatha miyezi itatu kuti adzaonenso. M'basi ndinaimba nyimbo za Pasaka njira yonse, ngakhale unali mwezi wa Okutobala.

2

Anthu amayesa kuti munthu akatuluka m'chipatala ndiye kuti wachira. Bodza lenileni! Ntchito imayamba pamenepo.

Khungu la pakhosi pawo linada ngati kunsi kwa poto. Malovu anauma, moti kulikonse ankayenda ndi kabotolo ka madzi konyowetsera m'kamwa. Mawu aja anatsala onong'ona. Tsiku limene tinafika ndinati ndiwalandire ndi mlamba wa mu Shire, nsomba imene ankaikonda kuposa ine mkazi wawo. Atangoti supuni imodzi ya msuzi m'kamwa, misozi mbwee.

"Amake Thandizo, mwandithira moto."

M'kamwa monse munali zilonda, ndipo mchere unkawawotcha ngati tsabola wa kambuzi. Anamwino anali atatichenjeza, koma ine ndi chimwemwe ndinaiwala. Kuyambira tsiku limenelo mumphika mwanga simunalowenso mchere. Makala sangalole kuphika miphika iwiri, ndiye ndinkaphika umodzi, mchere n'kuika pa kasosa pambali kuti wofuna adzithirire yekha. Mwana wathu Thandizo amagonera kusukulu ku Balaka, choncho wofunayo ndinali ine ndemwe.

Ndinaphunzira kuphika ngati ndili ndi khanda: phala losefa la nsinjiro, mapeyala opota, mazira ofewa, mkaka. Mkakawo ankandibweretsera a Hudson, bambo wa kabaza wa njinga yamoto, wapabanja pake, amene m'mawa uliwonse ankadutsa kwa mlimi wina wa ng'ombe tsidya la Shire, mbali ya ku Balaka. Ndinkakumana nawo pageti, kulandira chigubu, basi.

Vuto linali pa kudya. Ankatsamwa, kutsokomola, nthawi zina phala n'kutulukira m'mphuno. Tsiku lina ndikuwapukuta pachibwano anandikankha dzanja.

"Muzindisiyira kuchipinda n'kutseka chitseko. Sindifuna muzindiona chonchi."

Ndinawamvetsa. Munthu amene ankalamula basi yonse, lero azipukutidwa ngati mwana? Ndinayamba kuwasiyira mbale pa kampando, ine n'kupita kumsika. Pobwera ndinkapeza mbale ili mbee.

"Ehee! Amuna ndi amenewa!" ndinkawaombera m'manja.

Koma thupi silinkavomereza. Lamba anawonjezera zibowo mpaka anafika kumapeto. Pansi pa chibwano panatupa ngati pa chule, ndipo chifuwa sichinkatha. Za kutupazo achipatala anatiuza kuti zimachitika, koma kuwondako kunkandisowetsa mtendere.

"Tibwerere ku Lilongwe, tisadikire tsiku lija," ndinawauza.

"Iyayi. Tidikire."

"Mukutha, bambo. Mukudya koma mukutha."

"Ndati tidikire."

Ananena mokwiya mpaka kutsokomola, ine n'kuisiya nkhaniyo. Ndinali wotopa, abale, kutopa kofika m'mafupa. Pena ndikamayeza mpunga mumsika ndinkasinza chiimire.

3

Mvula yoyamba itagwa kunabwera alamu anga a Bernadetta, achemwali awo aakulu a bambo a Thandizo, kuchokera ku Ngokwe. Anabwera ndi nkhuku ndi thumba la ufa, atavala chitenje cha Amayi Maria, akuti adzandithandize. Ndinasangalala, sindikunama. Sabata yoyamba tinkaseka limodzi. Yachiwiri anayamba kundiyang'ana m'mbali.

"Alamu, mchere mwaiwalanso?"

"Uli pa kasosapo, thirani nokha."

Anathira, n'kudya mwakachetechete.

Inu okulira m'tauni mwina izi simuzidziwa. Kwathu kuno mkazi amaleka kuthira mchere m'ndiwo pa zifukwa ziwiri. Amaleka akakhala kumwezi, ndipo amaleka akakhala kuti wayenda ndi mwamuna wina. Akuluakulu amati wotereyu ndi wotentha, akathira mchere amawadula a m'nyumba mwake, iwo n'kudwala tsempho. Ine mwambowu anandilangiza ndili namwali ngati wina aliyense, koma m'mutu mwanga munadzaza phala ndi mankhwala. Sindinaganizeko n'komwe kuti kasosa kaja kakuoneka bwanji m'maso mwa mlendo.

Tsiku lina ndikutsuka mbale kuseri, alamu aja anadzaima pamutu panga, manja m'chiuno.

"Alamu, ndifunse nawo. Mwezi wanu umatenga masabata angati?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Chibwerereni ine pano simunagwirepo mchere. Ndakhala ndikuona."

Ndinaseka. "Aaa, alamu! Mchere umawawotcha achimwene anu m'kamwa. Anamwino anatiuza."

"Namwino wake uti woletsa mchere munthu wopanda BP? Inu mukundiona ngati ndine mwana? Taonani mlongo wanga. Watupa, akutsokomola, akudya koma akuwonda. Ku Lilongwe anati matenda aja atha. Nanga awa ndi ati? Ngakhale wakhungu anganene kuti ili ndi tsempho. Munamudula kale, tsopano mukuopa kumumaliza."

Mbale inandipulumuka m'manja. "Mubwereze."

"Wa njinga yamoto uja, wobwera m'mamawa uliwonse mwamuna wanu ali gone, amabweretsa mkaka wokha?"

Zimene ndinawayankha sizingasindikizidwe m'magazini muno. Ndinawauza za miyezi imene ndinagona pa simenti iwo akugulitsa thonje lawo. Ndinawauza kuti avule chitenjecho asamachititse manyazi Amayi Maria. Kenako ndinawakoka dzanja mpaka kuchipinda.

"Bambo a Thandizo, auzeni achemwali anuwa chifukwa chimene sindithira mchere!"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana achemwali awo. Analoza pakhosi ngati mawu akukana, kenako anatembenukira kukhoma. Ndinati mwina atopa, adzanena mawa. Mawa lake alamu anaimba foni kumudzi kuitana ankhoswe.

4

Anakumana Lamulungu titaweruka ku Misa, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu. Kumbali yanga kunabwera malume anga a Esau kuchokera ku Nsanama. Kumbali ya kuchimuna kunabwera a Lucius, malume awo a bambo a Thandizo. Odwalawo tinawakhazika pa mpando wa ndalema, kabotolo kawo m'manja. Ine ndinalibe mantha ngakhale pang'ono. Ndinkadziwa kuti mboni yanga ili pomwepo.

A Bernadetta anayala nkhani yawo bwinobwino ngati akuwerenga kalata yachiwiri m'tchalitchi. Kasosa, kutupa, chifuwa, njinga yamoto. Anawonjezanso kuti ine ndimagona pamphasa pansi, mwamuna pabedi.

"Ndimagona pansi chifukwa ndikawakhudza pakhosi amamva kuwawa!" ndinakuwa.

"Elube, dekha," anatero malume.

Ndinafotokoza zanga zonse, za zilonda za m'kamwa, za mlamba uja, za anamwino. A Lucius anamvetsera akugwedeza mutu, kenako anatembenukira kwa mphwawo.

"Mutu umodzi susenza denga, n'chifukwa tabwera. Koma mwini nkhani ndiwe, Blasius. Tiuze. Kodi mchere anakuletsa ndi achipatala, monga akunenera akazi akowa?"

Ngakhale ana a aneba amene ankasuzumira pampanda analeka phokoso. Bambo a Thandizo ananyowetsa milomo ndi madzi aja. Tonse tinasendera pafupi kuti timve.

"Za mchere... ine sindikudziwa," ananong'ona. "Ndikungofuna kupita kwathu."

"Mwamva?" a Bernadetta analumpha. "Mwamva nonse? Hule iwe, unafuna kutiphera munthu!"

Pamenepo ndi pamene pakamwa panga panatsekeka. Ndinawayang'ana bambo a Thandizo, iwo maso ali pa zala za kumapazi. Zaka zonse zimene takhala m'banja sanandinamizirepo ngakhale pa kanthu kakang'ono.

Mawu atabwerera ndinangoti, "Nanga ku chipatala? Tsiku loti akawaonenso layandikira."

"Achipatala anachita mbali yawo," anatero a Lucius. "Izi ndi zakumudzi, zikathera kumudzi. Za banja tidzakamba munthu akapeza bwino."

Madzulo omwewo anawakweza galimoto. Sanandilole ngakhale kuwalongedzera zovala. Malume anga anatsalira pang'ono. Powaperekeza ku siteji anaima, n'kundigwira paphewa.

"Mwana wa mlongo wanga, tatsala awiri. Ndiuze ine ndekha. Unachita?"

Mawu a hule aja anandipweteka, koma funso la malume linandipweteka koposa. Ndinabwerera kunyumba ndikulira mumsewu ngati wamisala.

5

Liwonde ndi tauni pa dzina pokha. Pofika Lachiwiri nkhani inali itawoloka baraji ya pa Shire n'kubwerera. Mumsika amayi ankati akafika pa benchi langa n'kulambalala. Wina ananong'oneza mnzake mokweza dala, "Amao! Ndi amenewa?" M'tchalitchi benchi limene ndinakhala linali langa ndekha.

Lachisanu kunabwera a Joanna, akazi awo a Hudson. Sanapereke moni. Anagwira beseni langa la nyemba n'kulikhuthulira m'matope.

"Wako wamudwalitsa, tsopano ukufuna wanga?"

Ine Elube, amene ndinathamangitsapo wokhometsa msonkho ndi chipande, ndinangogwada n'kuyamba kutola nyemba zanga imodziimodzi.

Ndikuuzeni zoona, masiku amenewo ndinamuda mwamuna wanga. Ndinkati ndikaona bedi lopanda munthu, mumtima n'kumati afe, akafere komweko kwa achemwali ake odziwa kuthira mchere. Kenako ndinkadzipeza ndadzuka m'mawa ndikusefa phala la munthu amene kulibe. Tsiku la ku chipatala linafika n'kudutsa. Ndikaimba foni yawo ankayankha ndi alamu, akamva mawu anga n'kudula.

Amene anandimasula anali a Maness, aneba athu a kuseri, mayi wachikulire woweta abakha amene satsata za anthu. Anabwera masana ena kudzapempha moto, n'kukhala pakhonde.

"Kodi abambo aja akupeza bwanji kumudziko?"

"Kaya. Sindimva."

"Mukawapeza mukawathokoze. Chichokereni iwo abakha anga akungolira pansi pa windo lanu lakuchipindalo. Anazolowera."

"Anazolowera chiyani?"

"Phala lija. Inu mukangopita kumsika, abambo ankatsegula windo n'kuwakhuthulira. La mkaka, la mazira, eee, abakha anga ananenepa ngati a kwa azungu. Ine ndinkayesa n'lotsala."

"Tsiku lililonse?"

"Mwezi wathunthu, mwinanso kupitirira. Mbale yodzaza."

Ndinazungulira nyumba kukaona. Pakhoma pansi pa windo panali mizere youma ya phala, yotsika mpaka pansi. Mbale zonse zija zimene ndinkaziombera m'manja zinkathera mwa abakha. Munthu uja sankadya. Analibe tsempho, inali njala, ndipo iye mwini ankadziwa.

Moto wa a Maness sindikumbuka ngati ndinawapatsa. Ndinamanga chitenje, kutseka nyumba, ulendo wa ku siteji.

6

Ku Ngokwe nthawi ya dzinja sikupitika mwamasewera. Minibasi inandisiya pa Nselema, kuchoka apo ndinakwera njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Ndinafika dzuwa litapendeka. A Bernadetta anali pabwalo akupeta chimanga. Atandiona anaimirira.

"Wadzatani kuno?"

"Chokani panjira, alamu. Lero sindinabwerere inu."

Kaya anaona chiyani pankhope panga, koma anapatuka. Ndinalowa m'nyumba.

Mayo ine! Pamphasa panagona mafupa okhaokha. Pakhosi paja, pakhungu lopsa limene achipatala anatiuza kuti tisapake ngakhale sopo wonunkhira, anali atatemapo mphini. Zinali zitatukusira, zikutuluka mafinya, ntchentche zili ng'waa. Atandiona anayesa kudzuka koma analephera.

Sindinawapatse moni. Ndinatunga madzi mumtsuko n'kuwapatsa kapu.

"Imwani."

"Amake Thandizo..."

"Imwani ndikuona. Osati kunyowetsa milomo. Mumeze."

Anamwa pang'ono. Ndinaona pakhosi pakulimbana, maso akutong'oka. Madzi anabwerera m'kamwa ndi m'mphuno, chifuwa n'kuwagwira mpaka kupindika. Ndinawagwira mutu mpaka chinadutsa. Alamu anali ataima pakhomo.

"Abakha a a Maness akupereka moni," ndinatero.

Anatseka maso. Misozi inatsikira m'makutu.

"Chinayamba liti?"

"Titangotha mwezi kunyumba," ananong'ona. "Poyamba phala lolimba. Kenako lamadzi lomwe. Limafika apa n'kuima. Ndinkangomwa timkaka pang'onopang'ono."

"Osandiuza bwanji?"

"Mukanandibweza ku Lilongwe."

"Eya, ndikanakubwezani! Nanga n'kulakwa?"

Anandigwira dzanja. Zala zawo zinali ngati timitengo.

"Khansa ija yabwerera, amake Thandizo. Ndikuimva, yatseka njira. Ndikapita akandivekanso chigoba chija." Anapuma kaye, mpweya ukuchita phokoso. "Ndinkakunamizani kuti ndimagona tulo. Sindinagonepo. Akangochimanga ndinkaona ngati andikhomera m'bokosi ndili moyo. Sungakuwe, sungameze, sungadzuke. Tsiku lina ndinadzikodzera, anamwino anandibisira. Mpaka lero ndikatseka maso chimabwera. Ndinalumbira kuti bola kufa."

"Ndiye za mchere zija?"

Anayang'ana kudenga.

"Achemwali atayamba nkhani ija, ndinaona kuti njira yapezeka. Inu simukanandilola kukhala osapita ku chipatala. Ndimakudziwani. Koma akanena kuti ndi tsempho, anditenga kubwera nane kuno, inu simungandiletse. Ndinati ndikafere kwathu mwakachetechete."

Ndinachotsa dzanja langa. Chisoni chinalipo, sindikana, koma mkwiyo unachiposa.

"Ndiye imfa yanu munaigula ndi dzina langa? Munaona kuti chotchipa pa zonse za m'nyumba mwanu ndi ine? Malume anga anandifunsa ngati ndinachita! Mkazi wa mwini anandikhuthulira nyemba m'matope! Thandizo akumva zotani kusukulu, mwana wa hule? Inu mukanafa, ine ndikanatsala moyo wanga wonse ndili mfiti yopha mwamuna ndi chigololo. Munaziganiza zimenezo?"

"Ndinali ndi mantha."

"Inenso ndinali nawo! Koma sindinakugulitseni!"

Kumbuyo kwanga ndinamva phii. A Bernadetta anali atakhala pansi pakhomo, chitenje kukamwa.

"Blasius," anatero, "phala limene ndimakusiyira lija?"

Panja nkhuku zawo zinkapalasa kuseri kwa windo.

Ndinaimirira. "Tamverani, bambo a Thandizo. Ngati mukufuna kufa, sindingakuletseni, mwini moyo ndi Mulungu. Koma simufera pano, ndipo simufa dzina langa lisanayere. Alamu, pitani mukapeze galimoto."

Kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni pabanja pawo, alamu anga anachita zimene ndinawauza osayankha.

7

Ku chipatala cha boma bambo a Thandizo anawaika madiripi ndi kapaipi kodyera kodzera m'mphuno, anatsuka mphini zija, ndipo atapezako mphamvu anatitumiza ku Lilongwe. Pakhomo la chipatala cha khansa anaima. Ine mbali iyi, alamu mbali inayo, tinawalowetsa.

Nthawi ino sindinakhale panja ndi kolona. Ndinalowa nawo, n'kuwauza adokotala zonse, za abakha, za chigoba, za mantha. Bambo a Thandizo anachita manyazi, koma adokotala sanaseke. Anati ambiri amachiopa, ndipo akananena kale akanawathandiza. Anawalowetsa kapaipi ka kamera kummero, n'kuwajambulanso.

Yankho litabwera ndinapempha kuti abwereze. Khansa sanaione. Chimene chinatseka njira chinali chipsera cha moto wa makina aja, chimene pouma chinathinitsa mmero. Anati zimachitika, ndipo amakuza njirayo pang'onopang'ono ndi timapaipi. Za chigoba panalibe.

Bambo a Thandizo analira ngati mwana. Alamu anagwada pansi pomwepo kuyamba Tikuoneni Maria. Ine misozi sinabwere. Ndinkangoganiza kuti munthuyu anatsala pang'ono kufa ndi njala, ine n'kutsala wonyozeka, chifukwa cha chinthu choti achipatala akanachikonza kalekale.

Titabwerera ku Liwonde ndinaitanitsa ankhoswe omwe aja, pansi pa mtengo womwe uja. Ndinaitananso a Hudson. Bambo a Thandizo ananena zonse ndi pakamwa pawo, monong'ona, akupumira m'njira, ndipo sindinawathandize ngakhale liwu limodzi. A Lucius anapepesa ndi nkhuku. Malume anga sanathe kundiyang'ana m'maso. A Hudson anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Zikomo, koma akazi anga anapita kwawo ndi ana. Mukawauze ndinu." Tinatumiza uthenga. Mpaka pano a Joanna sanabwerere.

Msika sunabwere pa bwalo lachiwirilo. Ena anamva, ena sanafune kumva. Alipo mpaka lero amene amati utsi sufuka popanda moto, ndipo ndikamadutsa amatsinana.

Inu owerenga, makamaka amene mukudwazika munthu m'nyumba, mverani kwa ine amene zinandionekera. Mbale yoyera isakunamizeni. Khalani pomwepo, muone ndi maso anu chakudya chikutsika. Akakuuzani kuti palibe kanthu, funsaninso, chifukwa amuna athuwa amalolera kufa kusiyana n'kunena kuti akuopa. Ndipo inu achibale obwera kudzazonda, musanatchule matenda a m'nyumba ya eni, yambani mwafunsa amene wakhala akuchapa zofunda. Miyambo sindikuinyoza, inenso inandilera. Koma wodwazika naye ndi munthu, amatopa, ndipo mawu amene mungamuponyere sachira msanga ngati zilonda za wodwalayo.

Ena mwa anzanga amandifunsa chimene ndikukhalirabe. Amati iwo akanalongedza. Mwina akunena zoona. Ine ndimangodziwa kuti munthu amene anandipereka uja ndi yemwenso ndinamuona akutuluka m'chipinda cha makina tsiku ndi tsiku, akumwetulira kuti ine ndisade nkhawa. Ndimamukonda, ndipo ndikadali wokwiya. Ziwirizi zikukhala m'nyumba imodzi, palibe chimene chikufuna kusamuka.

Pano akudya okha, kapaipi anachotsa. Thupi likubwerera pang'onopang'ono, mawu ndiye kaya. Ku chipatala tikupitabe, poti adokotala anati khansa sailonjeza munthu. Chitseko cha kuchipinda sichitsekedwanso nthawi ya chakudya. Ndimakhala pampando moyang'anana nawo, kuyambira supuni yoyamba mpaka yomaliza.

Dzulo masana, phala lili m'kamwa, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amake Thandizo, kodi munandikhululukira?"

Ndinayang'ana pakhosi pawo, pamene zipsera za mphini zinatsalira.

"Mezani kaye," ndinatero.

Anameza. Ndinawapatsa supuni ina.